Ku Chisi, msika wa zaluso ulibe tenti kapena tikiti

Disembala akangofika, pa WhatsApp pamadzaza zoitanira anthu ku ziwonetsero za zaluso. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakhoma matenti pa kapinga, pakhomo mumalipira, mkatimo muli nyimbo, kanyenya, ndolo za chitenje ndi madengu opaka utoto oikamo maluwa. Sindikunyoza ayi, inenso ndimapitako. Koma chaka chino ndinafuna kuona zinthu ngati zimenezi zili m'manja mwa eni ake, zisanakwere galimoto kupita m'tauni. Ndiye kutatsala sabata imodzi kuti Khrisimasi ikwane ndinalowera kummawa kwa mzinda wa Zomba, ku nyanja ya Chilwa, mpaka pachilumba cha Chisi.

Kuchoka mu Zomba mumadzera ku Matawale, ndipo pali makilomita pafupifupi 30 kuti mufike padoko la Kachulu. Phula limakusiyani panjira. Mvula ikagwa usiku, wa njinga yamoto ndiye mfumu ya msewu umenewu, mtengo amatchula yekha. Pa Kachulu mumakwera boti limodzi ndi matumba a ufa, makireti a zakumwa ndi anthu obwerera kwawo kukadya Khrisimasi. Pamene madzi ali ochepa, woyendetsa amakankha botilo ndi nsungwi yaitali yofika pansi, chifukwa Chilwa ndi nyanja yotambalala koma yosazama.

Ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere. David Livingstone anafika kuno mu 1859 n'kuilemba kuti Shirwa. Akatswiri a miyala nawo amachidziwa bwino chilumba cha Chisi chifukwa cha mwala wotchedwa carbonatite womwe unapanga mapiri ake. Ine za miyalazo ndinangoziona patali. Chomwe chinandikopa maso tikuyandikira ndi milambe ikuluikulu, ndi katundu amene anayalidwa pansi pamthunzi pafupi ndi pokocheza maboti.

Musayembekezere chikwangwani cholembedwa kuti chiwonetsero. Palibe. Pali mphasa zokulungidwa zoimiritsa pamtengo, malichero osanjikizana, mikeka, madengu, mithiko ndi zipande, ndi miono yogwirira nsomba. Ogula ambiri ndi anthu a konkuno, ndipo aliyense akudziwa chimene akukachita ndi chinthu chomwe wanyamula. Khrisimasi ya kumudzi ndi mpunga wa nkhuku, ndipo mpunga wa m'madambo a Chilwa, wa ku Domasi ndi ku Likangala, sungalowe mumphika usanapetedwe. Choncho lichero likufunika. Ana obwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Joni akufuna pogona, ndiye mphasa yatsopano ikufunika. Mayi wina anandiuza akuseka kuti mlendo wa Khrisimasi sungamuyalire mphasa yong'ambika, mudzi wonse ungadziwe mawa lake.

Apa mpamene ndinakhala pansi nthawi yaitali, pambali pa agogo ena aamuna omwe ankamalizitsa mono.

"Wawa agogo, kodi umenewu ndi wogulitsa?"

"Ngati uli ndi nyanja kwanuko, mwanangu, gula."

Mono ukauona uli pansi umaoneka ngati dengu lalitali lopanda ntchito. Nzeru yake ili pakamwa. Timitengo tong'ambidwa bwino timalowera mkati mopanikizana, moti nsomba ikafuna nyambo imadzipanikiza n'kulowa, koma pobwerera imakumana ndi nsonga. Msodzi amaikamo gaga, n'kukautchera m'mabango kapena mu njedza, udzu wautali uja wa m'madzi womwe wazungulira mbali yaikulu ya nyanjayi. M'mawa amakapeza milamba kapena makumba. Palibe msomali, palibe guluu. Agogowo ankayeza mipata ndi chala, ndipo anandionetsa kuti mpata ukakula pang'ono tinsomba tating'ono timatuluka tokha. Ndinaganiza za maneti a udzudzu amene ena amawasandutsa makoka, okokolola ndi mazira omwe, ndipo ndinaona kuti chida chakalechi chili ndi ulemu pa nyanja kuposa chatsopanocho.

Mphasa nayo ili ndi ntchito yake yosaoneka. Bango amalidula litakhwima, amaling'amba, amaliyanika, kenako amalisoka ndi chingwe mzere ndi mzere. Mukafuna kudziwa ngati ndi yolimba, werengani mizere ya chingweyo ndipo muone ngati ili pafupipafupi. Lichero liyang'anitseni kudzuwa: kuwala kukamadutsa kwambiri, ufa wanu udzadutsanso. Kenako finyani mkombero wake, usamagwedere. Izi anandiphunzitsa ndi amayi amene ankagula, osati ogulitsa, ndipo ankandiyang'ana ngati akudabwa kuti munthu wamkulu chonchi sindikuzidziwa.

Chifukwa china chimene msikawu umakhalira wofunika mu Disembala n'chakuti ndalama ya nsomba imakhala itachepa. Miyezi ya mvula nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ndiye matemba, omwe amadyetsa mabanja ambiri kuno, sabwera ngati kale. Nthawi yomweyo feteleza akufunika kumunda, ufa m'nyumba watha, ndipo fizi ya Januwale ikudikira. Munthu amene akukugulitsani mphasa sakuchita zongotayitsa nthawi. Mphasayo mwina ndiyo shuga ndi mafuta ophikira a pa 25.

N'chifukwa chake zinandiwawa kuona mmene mavenda ena ochokera m'tauni amagulira. Amafika ndi boti lam'mawa, amaunjika malichero khumi kapena kuposa, n'kutchula mtengo wawo ngati akuchita chifundo. Wogulitsa akakana, amanyamuka pang'onopang'ono kulowera kudoko, podziwa kuti ayitanidwa. Ndipo amayitanidwadi, chifukwa pachilumba sungadikire wogula wina wa mawa. Malichero omwewo mukawapeza m'tauni atamangiriridwa kansalu ka chitenje, akupachikidwa pakhoma ngati chokongoletsera, mtengo utakwera kangapo. Venda nayenso ali ndi zolipira zake, boti, njinga, malo ogulitsira, zimenezo n'zoona. Koma ife achinyamata a m'tauni tili ndi kakhalidwe kena koseketsa: patenti timalipira mwakachetechete, mwinanso kujambulitsa ndi katunduyo, koma tikakumana ndi amene analuka ndi manja ake timasanduka akatswiri a "tsitsaniko pang'ono amayi". Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chimene mayiyo amagula kugolosale chinakwera. Bango lokha ndi limene silinakwere, ndiye ife timaganiza kuti mphasa isakwerenso.

Komabe mpikisano waukulu wa amisiriwa si venda. Ndi pulasitiki. Pamsika womwewo panali mabeseni ofiira ndi obiriwira, ndi mikeka ya pulasitiki yochokera kunja yomwe imapindika bwino, siopa madzi, ndipo atsikana ankaizungulira kwambiri kuposa ya mlaza. Sindingawadzudzule. Kunyumba kwanga kulinso beseni lotero. Koma pa anthu onse amene ndinawaona akuluka kapena kusoka tsiku limenelo, sindinaonepo wa msinkhu wanga. Anyamata anali kumaboti ndi panjinga zamoto, komwe ndalama imabwera tsiku lomwelo.

Ndiye pali nyanja yeniyeniyo, yomwe zonsezi zimadalira. Chilwa imauma. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995 mpaka anthu ankapita ku Chisi wapansi, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ong'aluka pa Kachulu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa madzi ochuluka zedi kuchokera kumapiri, nyanja inadzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za anthu. Bungwe la UNESCO linaika dera limeneli pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2006, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi zomwe zina zimachokera kutali kwambiri. Koma kwa agogo a mono aja nkhani yake ndi yachidule. Madzi akathawa, mono ulibe ntchito, ndipo bango ndi njedza zimapsa ndi moto wa osaka mbewa ndi otsegula minda. Madzi akachuluka, podula bango pamakhala patali. Anandiuza kuti pa moyo wawo aona nyanja ikupita ndi kubwera, ndipo nthawi zonse ikabwerera anthu amafunanso miono. Chimene sakudziwa n'chakuti ulendo wina ikadzabwerera adzaluke ndani.

Njedza yomweyo ndi imene asodzi amamangira zimbowera, tinyumba toyandama tomwe amakhalamo masabata angapo ali pakati pa nyanja. Tinadutsa pafupi ndi zingapo pobwerera. Kunena zoona, pa zaluso zonse zimene ndinaona, palibe choposa nyumba yoyandama yokhala ndi moto wophikira mkati. Koma moyo wa m'menemo si wosiririka. Madzi akumwa ndi omwewo a m'nyanja, ndipo kolera wakhala akuvuta asodzi a m'zimbowera kwa zaka zambiri.

Ngati mukufuna kupitako, nyamulani madzi anu akumwa ndi ndalama zing'onozing'ono za m'manja, musadalire kuti aliyense ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Funsani pa Kachulu tsiku limene msika umadzaza, ndiponso nthawi imene boti lomaliza limanyamuka, chifukwa masana mphepo ndi mvula zimabwera mosachenjeza. Musanajambule munthu, mupempheni. Chilumbachi chili ndi mafumu ake, m'dera la mfumu yaikulu Mkumbira, ndiye ngati mukufuna kukwera phiri kapena kuyenda m'midzi, pezani munthu wa konko akuperekezeni.

Ine ndinagula mphasa imodzi, malichero awiri ndi kamono kakang'ono kamene agogo aja anati analukira mdzukulu wawo koma sanakafune. Wa njinga yamoto pa Kachulu ataona mphasayo anapukusa mutu, nati imeneyo ilipira ngati munthu. Tinaimanga chopingasa kumbuyo, ndipo njira yonse mpaka ku Matawale tinkachita kuima pambali galimoto ikamabwera kutsogolo.