Dzina lachisanu ndi chimodzi

Ogasiti wa ku Indiana amatentha ngati Okutobala wa kwathu. Loweruka lina m'mwezi umenewo mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya komweko, ananditengera ku Westfield, kumpoto kwa mzinda wa Indianapolis, kukaonerera timu ya Colts ikuchita zokonzekera pa Grand Park. Ine ndinakulira Bullets ndi Wanderers, ndiye masewera oti munthu azithamanga atakumbatira mpira wooneka ngati papaya ndinkangowaona ngati ndewu ya anthu ovala zipewa.

"Tawerenga anyamata ali apowo," anatero akuloza gulu la osewera oonda, amiyendo italiitali. Amenewo ndi ma wide receiver. Ntchito yawo ndi kuthamanga cha m'mbali mwa bwalo, kuzemba amene akuwatchinga, n'kuwakha mpira umene quarterback waponya. Ndinawerenga, anali oposa 10.

"Mwezi uno ukamatha, theka la amenewa ntchito ikhala itawathera."

Zimakhala chonchi. M'ligi ya NFL muli matimu 32, ndipo nthawi yokonzekera timu iliyonse imaloledwa kukhala ndi osewera 90. Kumapeto kwa Ogasiti imayenera kutsala ndi 53 okha. Pa 53 amenewo, ma wide receiver kawirikawiri amakhala 5 kapena 6. Atatu kapena anayi oyamba amadziwika kale, ndi akatswiri amakontirakiti onona. Ndiye kuti anyamata ena onsewo akulimbirana malo awiri basi. Amadyera pamodzi, kuphunzirira m'chipinda chimodzi, kukonzana wina akalakwitsa njira yothamangira, aliyense akudziwa kuti mnzakeyo akatsala, iyeyo ndiye wapita.

Nkhaniyi inandilowa chifukwa nane ndinali pamzere wotero. Tinalipo aganyu 9 panyumba ina yosungiramo katundu, ndipo abwana anali atanena kuti kumapeto kwa Seputembala alemba awiri ntchito yokhazikika, yokhala ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Ku America kudwala ulibe inshuwalansi ndi ngongole yoti ungaibweze mpaka imvi. Komanso kumudzi amayi ankadikira za feteleza, mlongo wanga ankadikira fizi. Koma nkhawa ndinalibe. Pakhoma panali bolodi yoonetsa amene wasikana makatoni ambiri, ndipo dzina langa silinkachoka pamwamba.

N'chifukwa chake mnzanga uja atandiuza za Victor Cruz, ndinati ameneyo ndiye ine. Cruz sanasankhidwe ndi timu iliyonse pa mwambo wosankha osewera ochokera m'makoleji mu 2010. New York Giants inangomutenga kuti imuyese. M'masewera okonzekera a Ogasiti chaka chomwecho, polimbana ndi New York Jets, anawakha mipira 6, mayadi 145, n'kugoletsa katatu. Usiku umodzi wokha, malo anawapeza.

"Za Cruz zimachitika mwa kamodzikamodzi," anatero mnzangayo. "Iwe funsa za Matthew Slater."

Slater analowa mu New England Patriots mu 2008 ngati wide receiver. Anasewera zaka 16, koma m'masewera a ligi anawakha mpira umodzi wokha. Umodzi, abale! Chinamusunga n'chiyani? Pali kagulu kotchedwa special teams, kamene kamalowa mpira ukamamenyedwa ndi mwendo kupita kwa adani. Wina amayenera kuthamanga liwiro la mtondo wadooka, anthu awiri akumukankha, kuti akagwetse wolandira mpirawo. Ndi ntchito yopweteka, ndipo makamera saitsata kwenikweni. Slater anaigwira mpaka kusankhidwa ka 10 kupita ku Pro Bowl, n'kupambana Super Bowl katatu. Kochi akamasankha wide receiver wachisanu ndi chimodzi amadziwa kuti mipira yopita kwa ameneyo ndi yowerengeka. Funso lake limakhala lakuti: kupatula kuwakha, angandichitirenso chiyani?

Ndinamva, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa aganyu 9 aja panali achimwene ena a ku Ntcheu, achikulire kwa ine, amene ankanditenga pagalimoto yawo m'mawa uliwonse. Pabolodi ankakhala cha kumunsi. Koma lole ikafika mochedwa, otsitsa katundu anali iwowo. Botolo likasweka, atenga kale tsache. Wina akajomba Lamlungu, alowa ndi iwo. Nthawi yopuma ankaphunzira kuyendetsa forklift.

"Mphwanga, tiye ukaphunzireko," anandiuza tsiku lina.

"Achimwene, zimenezo sizilembedwa pabolodi," ndinayankha ndikuseka.

Ku NFL, tsiku lochotsa anthu likafika pamakhala munthu amene amamutchula kuti Turk. Amabwera n'kukuuza kuti kochi akukufuna, utenge buku lako la kaseweredwe. Ukangomva za bukulo, wadziwa kale. Amene munaonerapo pulogalamu ya Hard Knocks ya HBO mukuidziwa nkhope imene mnyamata amakhala nayo akamayenda m'khonde limenelo. Ine anandiitana Lachisanu masana, n'kundiuza kuti ndibwere ndi baji yanga. Abwana sanazungulire. Anati osikana mwachangu amabwera mwezi uliwonse, koma iwo akufuna munthu woti angamuike pena paliponse zinthu zikavuta. Analemba achimwene aja ndi mayi wina wa ku Mexico.

Pobwerera tinakwera galimoto yomwe ija. Mtunda wonse panalibe woyankhula. Ndinkafuna kuwakwiyira, koma ndikanawakwiyira chiyani? Chinsinsi chawo anandiuza okha, ine n'kuchiseka. Usikuwo ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwauza kuti za feteleza zichedwerako. Anangoti, "Bola uli moyo mwanawe." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira.

Wosewera akachotsedwa, nthawi zina timu imamubweza ku practice squad, gulu la anthu pafupifupi 16 amene amachita nawo zokonzekera pa malipiro ochepa ndipo angachotsedwe sabata iliyonse. Adam Thielen anakhala m'gulu limenelo ku Minnesota Vikings mu 2013. Mu 2014 analowa pa 53 paja, akugwira kwambiri ntchito ya special teams, ndipo mu 2017 anafika ku Pro Bowl ngati wide receiver weniweni. Nane anandiika pamndandanda wa oitanidwa pakakhala ntchito yambiri. Sabata ina masiku anayi, ina limodzi. Tsiku loyamba kubwererako ndinapita kwa achimwene aja n'kuwapempha kuti andiphunzitse forklift. Sanandikumbutse zimene ndinanena zija. Anangosuntha pampando.

Chaka chilichonse tsopano, matimu akatulutsa maina 53, ndimatsegula foni. Akatswiri aja ndimawadumpha. Ndimatsika mpaka pa wide receiver womaliza, n'kufufuza kuti mnyamatayo ankachita chiyani pamene tonse tinkayang'ana kwina.