Kuyimba maphatikizo si kuwerenga

Kalasi ya Sitandade 1 imamveka patali: ba, be, bi, bo, bu. Mawu a anawo amakoma, ndipo kholo lodutsa pamsewu limakhutira kuti sukulu ikuyenda. Ife amene tagwirapo choko timadziwa zimene zimabisala m'phokosomo. Loza phatikizo limodzi pakati pa bolodi, uitane mwana mmodzi, ena onse akhale chete. Amene amakuwa kwambiri uja amangokuyang'ana. Analoweza nyimbo, malembo sanawaone.

Sindikunyoza aphunzitsi. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero kalasi ya ana oposa 100 si nkhani yachilendo. Mphunzitsi mmodzi, ana ali mbwee pansi, ena kunja patsinde pa mtengo: kuyankhira pamodzi ndiko kumamupulumutsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Chichewa si chovuta kuwerenga. Chimalembedwa monga chimamvekera, kusiyana ndi Chingerezi chimene lembo limodzi limasintha liwu monga lafunira. Mwana akagwira a, e, i, o, u ndi liwu la lembo lililonse, amatha kuphatikiza mawu amene sanawaonepo. Pamene pamafunika kufatsa ndi pa malembo ophatikizana: kusiyanitsa ng'oma ndi ngozi, pala ndi phala, kapena kutchula nkh, ntch ndi mph. Apa ndi pamene ambiri amatsalira, ndipo m'chigulu sungawamve.

Pulogalamu ya boma ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, inabwera ndi ndondomeko yomveka: mphunzitsi aonetse, achitire limodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Gawo lachitatulo ndilo limadyedwa ndi belu. Komatu ndilo lokha limene limaulula ngati mwana wadziwa.

Chinanso chimene zaka zandiphunzitsa n'chakuti pakamwa pamatsogola, dzanja limatsatira. Mwana amene sangafotokoze zimene anaona kumsika dzulo sangazilembenso. N'chifukwa chake nthano sindiiona ngati yotayitsa nthawi. Ukangoti "Padangotero," ana n'kuvomera "Tili tonse," ngakhale wamanyazi amatsegula pakamwa. Ukamaliza, funsa mmodzi abwereze m'mawu akeake, anene chifukwa chake kalulu anachita zimene anachitazo. Izi n'zofunika koposa kwa mwana wa ku Mangochi, Rumphi kapena Nsanje, amene kwawo amalankhula Chiyawo, Chitumbuka kapena Chisena. Iyeyu amakumana ndi malembo ndi chilankhulo chatsopano tsiku limodzi, ndipo ena amafulumira kumutcha mbuli.

Za kulemba ndinene mwachidule. Kope lodzaza ndi zokopera pa bolodi limasangalatsa oyendera sukulu, koma kukopera n'kujambula chabe. Lembetso la mawu asanu, ngakhale lolemba ndi chala padothi, limanena zoona kuposa masamba khumi okopera.

Inu makolo, musadikire kuti mudzamve zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Madzulo ano mupatseni mwana wanu paketi ya shuga kapena buku la nyimbo, mumulozere mawu amene sanawaimbepo m'kalasi, ndipo awerenge yekha inu mukumva.