Zojambula za ku Chongoni ndi GAP

Pamiyala ya ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, pali mizere ndi zozungulira zofiira zoyenera kulowa m'kalasi ya masamu. Funso lake n'lakuti: chojambula ungachizungulitse kapena kuchitembenuza m'njira zingati osasintha maonekedwe? Mwachitsanzo, sikweya ili ndi njira 8, ndipo GAP, pulogalamu yaulere yomwe idayambira ku Aachen mu 1986, imakuuza pompopompo kuti gulu la njirazi lili ndi timagulu 10 m'kati mwake. Ena akuti kompyuta imachititsa ophunzira ulesi. Komatu GAP siona mwala. Wophunzira ayambe wapatsa ngodya za sikweya manambala n'kulemba yekha kumene iliyonse ikupita ikatembenuzidwa. Nanga magulu otere a zinthu 64, omwe alipo 267, ndani angawasiyanitse ndi choko pabolodi?