Bawo la Agogo ndi Makina Omwe Ankanama

Ena mwa inu munaona bawo lomwe tinabwera nalo pa chikondwerero cha 6 July, ndipo munafunsa komwe tinaligula. Sitinagule. Linasemedwa m'galaja mwathu ku Scarborough, ndipo linatidyera nyengo yonse yachisanu.

Agogo a m'nyumba mwathu anabwera kudzakhala nafe atadwala sitiroko. Kumudzi anali kalipentala wodziwika, koma kuno dzanja lamanja linali litafooka, ndipo tsiku lonse ankangoyang'ana chipale chofewa pa zenera. Ife timagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo tikudziwa bwino mmene munthu amazimira akasowa chochita ndi womucheza. Tsiku lina anati akulakalaka bawo. Apa m'pamene tinakumbukira makina a CNC omwe mnyamata wathu anatikakamiza kugula kwa munthu wina amene anatopa nawo.

Kwa omwe simunawaonepo: ndi tebulo lokhala ndi kampeni kozungulira mwaliwiro, komwe kamayendetsedwa ndi timainjini kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi, motsatira chithunzi cha pa kompyuta. Bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Tinkati ntchito ya Loweruka limodzi.

Dzenje loyamba linatuluka ngati dzira. Tinajambula la mamilimita 50, koma poyeza tinapeza 50 mbali ina, 48 mbali inayo. Agogo analisisita ndi chala chamanzere, osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunatipweteka kuposa chitonzo.

Tinathamangira ku manambala. Makinawa amayendera pulogalamu yotchedwa GRBL, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kainjini kamazungulira kamodzi m'masitepe 200, ndipo sitepe iliyonse imagawidwanso pasanu ndi patatu, kukhala 1,600. Kagudumu kake kali ndi mano 20, dzino lililonse limakoka lamba mamilimita awiri, ndiye kuti kuzungulira kamodzi ndi mamilimita 40. Choncho masitepe 40 ayenera kupereka milimita imodzi, ndipo nambala imeneyi imasungidwa pa $100. Tinalamula makina ayende mamilimita 100, anayenda 98. Tinachulukitsa 40 ndi 100, tinagawa ndi 98, tinalemba 40.8. Tinayesanso, anafika pa 100 ndendende. Tinawomba m'manja, tinaika thabwa labwino la maple, n'kuliwononga. Mzere womwe unayenera kukhala wa mamilimita 500 unafika 508.

Thabwalo linali la ndalama za maola angapo a ntchito yonyamula ndi kusambitsa anthu. Mlungu umenewo m'nyumba munalibe kuseka.

Chinatitsegula maso ndi ntchito yathu yomwe. Pophunzira unamwino kumudzi anatiphunzitsa kuti muyeso umodzi si umboni. Wodwala ukamuyeza kuthamanga kwa magazi n'kupeza nambala yachilendo, suthamangira mankhwala. Umayamba waona ngati lamba wa pamkono wamangidwa bwino, kenako umayezanso, n'kulemba. Kuno satitchula anamwino, pepala lathu lili m'sutikesi, koma chizolowezicho sichinatichoke. Tinabwezera 40 pamalo pake, tinatenga kope, tinajambula mizere monga tchati cha wodwala. Pa 100 panasowa mamilimita awiri. Pa 300, awiri omwewo. Pa 500, awirinso. Nambala ikanakhala yolakwika, kusowako kukanakula pamodzi ndi mtunda. Tinaonanso kuti kumachitika pokhapokha makina akatembenuka kubwerera komwe achokera. Akapitiriza mbali yomweyo, amayenda mokhulupirika.

Agogo ndiwo anatchula nthendayo, ngakhale kompyuta sanaigwirepo. Anati, "Ana inu, mpini ukugwedera." Tinalemba kamzere ndi cholembera kudutsa pa kagudumu ndi pa chitsulo cha injini chomwe kamakhalapo, tinayendetsa makina uku ndi uku, ndipo kamzere kanaduka pakati. Kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mpunga, komwe kamamanga kagudumu pa mbali yophwatalala ya chitsulocho, kanali katamasuka. Injini inkayamba yazungulira yokha pang'ono isanakoke lamba. Kumanga kwake kunatenga mphindi ziwiri, titataya milungu itatu.

Mavuto ena anabwera pambuyo, koma tsopano tinali ndi kope. Mizere inkapendekeka chifukwa mtanda wa makina sunali wolunjika. Tinauwongola ndi muyeso wa 3, 4 ndi 5 womwe amisiri omanga nyumba kwathu amagwiritsa ntchito ndi chingwe, kenako tinayeza ngodya ndi ngodya mopingasa mpaka zinafanana. Maenje ankakula pang'ono chifukwa kampeni kathu n'ka kota ya inchi, mamilimita 6.35, pomwe ife tinalemba 6. Dziko lino linasamukira ku mamita m'zaka za m'ma 1970, koma m'sitolo ya matabwa aliyense amalankhulabe mainchi, ndipo mlendo amagwa m'mbuna imeneyi. Maple nawonso ndi mtengo wouma mutu. Tikadula mozama kamodzi, injini inkalira mwachilendo n'kudumpha masitepe, ndipo makina amtunduwu sadziwa kuti adumpha. Amangopitiriza ngati munthu wosochera yemwe akukana kufunsa njira. Tinachepetsa kuya kufika pa mamilimita awiri ulendo uliwonse, ndi liwiro lomwe.

Chomaliza chinatidabwitsa kwambiri. M'mwezi wa January mpweya wa m'galaja umauma, ndipo payipi ya pulasitiki yokokera utuchi inkadzaza magetsi aja amakulasani mukagwira chitseko. Makina ankangoima pakati pa ntchito, kompyuta itawataya. Waya wamkuwa wolumikiza payipiyo ku nthaka ya magetsi unathetsa nkhaniyo.

Pa masiku amenewa agogo anasintha. Ankavala majekete awiri, n'kukhala pa mpando pafupi ndi chotenthetsera, akulamula ngati kapitawo. Anatisimbira za osema a ku Mua, ku Dedza, komwe wansembe wa ku Canada konkuno, Claude Boucher, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Anaseka kuti mzungu anachoka kuno kukaona nsompho ndi tchizulo kwathu, pomwe zidzukulu zawo zachoka kwathu kudzasemera kuno ndi kompyuta.

Panatsala maenje awiri a nyumba, omwe pa bawo amakhala a ngodya zinayi. Kampeni kozungulira sikangadule ngodya yakuthwa, kaya manambala akhale olondola chotani. Tinabwereka tchizulo ndi zopanira ku Toronto Tool Library, laibulale ya zida yomwe inayambira ku Parkdale mu 2013. Agogo anagwira tchizulo ndi dzanja lamanzere, mdzukulu wawo akumenya nyundo pomwe auzidwa. Ngodya ina inaphwanyikako pang'ono; mukadzalionanso bawolo, yang'anani nyumba ya mbali yomwe iwo amakhala.

Nkhomo 64 zinabwera m'chikwama cha mlongo wina amene anapita kumudzi pa Isitala. Kufikira nthawi imeneyo tinkasewera ndi nyemba zouma, ndipo agogo ankatidya masewero atatu pa anayi alionse, akudandaula kuti maenje a makina ndi osalala kwambiri, nyemba zikuwathawa m'zala.