Makina Alibe Maso

Pa ntchito zonse za pakhomo, kutsuka mbale ndiyo ntchito yosayamikika. Wophika ndiwo zokoma amamutamanda, wokonola chimanga mpaka ufa kuyera kuti mbee amamutchula dzina, koma wotsuka mbale sakumbukika pokhapokha mlendo akapeza zotsalira za dzulo pamlomo wa kapu. Zikatero nyumba yonse imagwidwa ndi manyazi, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, koma zomwe waona amapita nazo kutali.

Ine ndidakulira kumudzi kumene tinkakwecha miphika ndi phulusa ndi mchenga, kenaka n'kuyanika mbale pathandala. Lero ndimakhala mumzinda wa London, m'nyumba ya lendi yomwe ndidaipeza ili kale ndi makina otsukira mbale. Anthu ambiri amaganiza kuti mwini makina otere wapuma, kwake n'kungoponyamo ziwiya ndi kudina batani. Zaka zomwe ndakhala nawo zandiphunzitsa kuti makinawa amayeretsadi mbale, koma alibe maso. Munthu ndiye ayenera kuwaonera.

Makina amenewa si a dzulo ayi. M'chaka cha 1886 mayi wina wa ku Shelbyville m'chigawo cha Illinois ku America, dzina lake Josephine Cochrane, adalandira chikalata cha boma chomuvomereza kuti ndiye mwini luso la makina otsuka mbale ndi mphamvu ya madzi. Mayiyu adatopa ndi kuona mbale zake zadothi zamtengo wapatali zikubenthuka m'manja mwa antchito. Mu 1893 adakaonetsa makina ake pachionetsero chachikulu cha ku Chicago, ndipo oyamba kuwagula adali a mahotela ndi malo odyera. Padapita zaka zambiri asadalowe m'nyumba za anthu wamba.

Kuti munthu awagwiritse bwino ntchito, ayenera kudziwa zomwe zimachitika chitseko chikatsekedwa. Makinawa sadzaza madzi ngati beseni. A masiku ano amatenga madzi pafupifupi malita 10 okha, n'kuwatenthetsa kufika madigiri 50 kapena 70 malinga ndi batani lomwe mwadina. Pampu imakankhira madziwo m'timikono tozungulira tokhala ndi timabowo, ndipo madzi amathovoka mwamphamvu n'kumenya ziwiya. Tsono mbale yomwe madzi sadaifikire imatuluka monga momwe idalowera. N'chifukwa chake ndimaimika mbale motalikirana, nkhope zake zitaloza pakati. Makapu ndimawavundikira kuti asasunge madzi akuda. Masupuni ndimawasakaniza ndi mafoloko kuti asagonerane. Ndisanatseke chitseko ndimazunguza timikono tija ndi chala, popeza mpeni umodzi wolendewera ukhoza kuimitsa kamkono ndi kulepheretsa ntchito yonse.

Palinso nkhani ya zotsalira. Mafupa, minga ya nsomba ndi makombo ndimazipalira m'bini, koma sinditsukuluza mbale pampopi, chifukwa kutero n'kutaya madzi omwe makinawo amapulumutsa. Sopo wake ali ndi zinthu zotchedwa ma enzyme zomwe zimaphwanya sitachi ndi mapuloteni, ndipo ntchito imeneyo amaitha yekha. Komabe nsima ili ndi khalidwe lakelake. Nkhoko zikauma mupoto zimakakamira zolimba, kotero poto wa nsima ndimayamba ndamuviika m'madzi monga tinkachitira kwathu. Mthiko ndi chipande sindiziika m'makina chifukwa mtengo umang'aluka ndi kutentha, ndipo mapoto a aluminiyamu amada ndi sopoyo. Zimenezi zimafunabe manja.

Amayi anga atabwera kudzationa, adakhala masiku angapo akuwayang'ana makinawa mokayika. Tsiku lina adatenga mbale yotentha, naipukusa ndi chala, nayang'ana chalacho. Kenaka adandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, mbale yayeradi, nanga litsiro lonse lija lapita kuti?"

Ndidagwada n'kupotokola sefa yomwe imakhala pansi pa makinawo. M'menemo mudali njere za mpunga, makoko a tomato ndi mafuta oundana a sabata imeneyo. "Limatsakamira umu, Amayi. Loweruka lililonse ndimaitsuka ndi kaburashi," ndidatero.

Iwo adagwedeza mutu nati, "Basi, ndiye kuti nawonso ndi mbale."

Mawu amenewo adakhudza pachimake. Popeza madzi ndi ochepa, makina amawazunguza omwewo kambirimbiri kudzera musefayo. Sefa ikatsekeka, nyenyeswa zimabwerera pambale, ndipo fungo limayamba. Kunja makina amanyezimirabe, koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timabowo ta timikono tija natonso timatsekeka, ndipo timafuna kutokosola ndi kamtengo.

Ngakhale madzi enieniwo ali ndi mbali yake. Madzi a ku London ali ndi laimu wambiri chifukwa amadutsa m'miyala ya choko. Laimuyo amasiya mawanga oyera pamatambula ndipo amafooketsa sopo. Pachifukwa ichi makina a kuno ali ndi kathanki ka mchere wapadera wothandiza kuchotsa laimu m'madzi, komanso kabotolo ka mankhwala otsukuluzira omwe amachititsa madzi kutsetsereka pagalasi osasiya madontho. Mnzanga wa ku Manchester sadandaula za mawanga otere, pakuti madzi ambiri a mzinda umenewo amachokera kunyanja za ku Lake District ndipo alibe laimu wochuluka. Makina ofanana amafuna chisamaliro chosiyana malinga ndi dera.

Sindikuwanyoza makinawa ayi. Amandipatsa ola lomwe kale ndinkathera pasinki, ndipo madzi ake otentha kwambiri, omwe dzanja silingawapirire, amachotsa mafuta ndi kuchepetsa tizilombo toyambitsa matenda. Koma walira mvula walira matope: wofuna makina avomerenso sefa yake, mchere wake ndi kuika ziwiya mwadongosolo.

Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'mahotela, m'zipatala kapena m'nyumba zosamalira okalamba, kumene mbale imodzi yosayera ikhoza kudwalitsa munthu wofooka kale. Kumeneko mudzapeza makina aakulu kuposa anga. Nyali yake ikadzayaka kusonyeza kuti ntchito yatha, mudzatulutse mbaleyo, mudzaipenye pakuwala ndi kuikhudza musanaikepo chakudya cha munthu. Makina amangodziwa kuti nthawi yakwana, koma woti anene kuti mbale yayera ndinu.