Sitolo ya Anstey's ya ku Joni

Amayi anzanga, ambiri a ife tinakula tikumva za ku Joni kuchokera kwa abambo ndi amalume amene anapita ku migodi ndi Wenela. Iwo ankasimba za pansi pa nthaka. Lero tiyeni tiyang'ane kumwamba.

Pakati pa mzinda wa Johannesburg, pamene msewu wa Joubert ukumana ndi umene unkatchedwa Jeppe, pali nyumba ya nsanjika 20 yotchedwa Anstey's, imene inatha kumangidwa mu 1937. Anailemba mapulani ndi Emley ndi Williamson, m'kamangidwe kotchedwa Art Deco. Chigawo chake cham'munsi nchotakata, makona ake ngozungulira ngati m'mphepete mwa lichero, ndipo pamwamba pake nyumbayo imanka nichepa ngati makwerero, nsanjika zina zitabwerera m'mbuyo.

Nsanjika zinayi zam'munsi zinali sitolo ya Norman Anstey, ndipo pamwamba panali nyumba zogona. Mmisiri wake anaudziwa mtima wa mkazi. Mazenera aakulu agalasi a m'mbali mwa msewu, momwe munkaima zidole zovala madiresi ndi zipewa, ndiwo anali nyambo: mayi wongodutsa ankayamba waima, kenaka n'kulowa. M'katimo nsalu, nsapato ndi mafuta onunkhira zinali ndi chigawo chakechake, ndipo wotopa ankakwera kukamwa tiyi pakhonde lam'mwamba, mzinda uli pansi pake.

Koma kodi ankamwa tiyiyo ndani? Anali madona achizungu. M'masiku a tsankho aja, mayi wakuda, ngakhale ndiye anasita diresi la dona, analibe mpando m'malo otere. Kukongola kwa chipupa sikundiiwalitsa zimenezo ayi.

Chodabwitsa nchakuti m'nyumba zogona zam'mwambazo munkakhala Cecil Williams, mzungu wotsogolera zisudzo amene ankadana ndi tsankho. Pamene Nelson Mandela anagwidwa pa 5 Ogasiti 1962 pafupi ndi Howick, anali m'galimoto limodzi ndi bambo ameneyu, akudzionetsa ngati dalaivala wake.

Sitoloyo inatsekedwa kalekale, koma nyumbayo ikadalipo ndipo mumakhala anthu. Msewu wa Jeppe nawo anausintha dzina. Tsopano ndi Rahima Moosa, mmodzi wa amayi anayi amene pa 9 Ogasiti 1956 anatsogolera akazi pafupifupi 20,000 ku Pretoria kukakana lamulo la mapasi.