Dzina la eni pamkono panga

Tinene zoona poyambirira pomwe: wotchi yopanda batire inagonja kalekale. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi imadziwa nthawi kuposa wotchi iliyonse imene ndili nayo, ndipo ngakhale ka Casio kotchipa ka pamsika kamawaposa onse osatuluka n'thukuta lomwe. Komabe m'kabati mwanga muli mawotchi asanu opanda batire. Anayi ndi enieni. Yachisanu inalembedwa Rolex pankhope, koma ku Geneva sinapondeko, ndipo ndinaigula ndikudziwa zimenezo.

Chimene chinandikola poyamba ndi zam'kati. Mukatsegula kumbuyo kwa wotchi yotereyi mumapeza sipuling'i yaitali, yopyapyala, yokulungidwa m'kabokosi kozungulira. Mukamapukusa kabatani ka m'mbali kaja, ndiye kuti mukuikunga. Iyo imafuna kumasuka nthawi yomweyo, koma mphamvu yake imadutsa m'timawilo ta mano tingapo mpaka kukafika pa kachitsulo kamphanda, kamene kamatseka ndi kutsegula, kutseka ndi kutsegula, ngati mlonda wa pageti wolowetsa anthu mmodzimmodzi. Wolamula kamphandako ndi kawilo kena kamene kamangogwedezeka uku ndi uku, kogwiridwa ndi kasipuling'i konga tsitsi. Mtima wa wotchi ndi umenewo. Mu Seiko yanga umagunda ka 21,600 pa ola, kutanthauza ka 6 pa sekondi. Mu Rolex ya masiku ano umagunda ka 28,800, ka 8 pa sekondi. N'chifukwa chake muvi wa masekondi umaoneka ngati ukutsetsereka, pomwe wa wotchi ya batire umachita kudumpha kamodzi pa sekondi. Timiyala tofiira timene mumationa m'katimo, tija amalemba kuti 17 jewels kapena 21 jewels, musaganize zokagulitsa: ndi miyala yopangidwa kufakitale, yoikidwa pamene zitsulo zimakhudzana kuti zisadyane. Zonsezi zikuyenda popanda magetsi, popanda netiweki, popanda bandulo. Kuno kwathu kumene magetsi amathima osatsanzika, chinthu chotere chimakhala ndi kaulemu kake.

Yoyamba inali Seiko 5 yakale imene ndinaipeza pakati pa malamba ndi magalasi pamsika wa kaunjika. Mtundu umenewu unayamba mu 1963, ndipo yanga ili ndi injini yotchedwa 7S26, imene simungaipukuse ndi chala ngakhale mutafuna. M'kati muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi, kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka n'kumakunga sipuling'i. Ikagona masiku awiri m'kabati imafa, ndiye umachita kuigwedeza ngati ukusungunula shuga m'kapu kuti idzuke. Kenako kunabwera HMT ya ku India, ya kampani ya boma imene inayamba kupanga mawotchi mu 1961 mothandizidwa ndi Citizen ya ku Japan, n'kudzatseka mbali ya mawotchi mu 2016. Yachitatu ndi Vostok Amphibia ya ku Russia, yopangidwa mumzinda wa Chistopol kuyambira 1967, imene anaikonza mwanzeru kuti madzi akamaipanikiza kwambiri m'pamene chivundikiro chake chimamatirira kwambiri. Yachinayi ndi Citizen yongopukusa pamanja, yakale kuposa ine. Palibe imodzi mwa izi imene ingachititse munthu kutembenuka m'minibasi.

Nkhani ya yachisanuyo simungaimvetse osabwerera ku 1969. Pa 25 December chaka chimenecho Seiko inatulutsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz kufika pamsika. M'malo mwa kawilo kogunda kangapo pa sekondi, mawotchi a quartz ali ndi kamwala konjenjemera ndi mphamvu ya batire, ndipo mwa a masiku ano kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Patapita zaka zochepa anatchipa n'kudzaza dziko. Ku Switzerland ogwira ntchito ya mawotchi anali pafupifupi 90,000 mu 1970. M'zaka za m'ma 1980 anatsika kufika pafupifupi 30,000. Makampani amene anapulumuka ndi mawotchi a sipuling'i anapulumuka posintha malonda. Anasiya kugulitsa nthawi, n'kuyamba kugulitsa dzina, mbiri, ndi ulemu umene munthu amapatsidwa akapinda mkono wa shati. Ndiyetu dzina mukhoza kulidinda pa chilichonse.

Tisanamizane kuti zimenezi ndi zachizungu zokha. Agogo athu opita ku Joni pa Wenela ankabwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi wotchi. Nthawi yopitira kumunda ankaidziwa kale, dzuwa linalipo. Wotchiyo inkauza mudzi kuti munthuyu anapita, anagwira ntchito, wabwera ndi kanthu. Zoti wotchi imayankhula ndi anthu ena sizinayambe lero.

Chidwi changa pa mawotchi a feki, amene pa intaneti amawatchula mwaulemu kuti replica, chinayambira pa YouTube, m'mavidiyo aja amaika ya orijino ndi ya feki pamodzi n'kukuuza kuti loza. Feki nayo ili ndi magiredi. Yapansi ndi ija ya pamsewu: yopepuka ngati chitsekero cha botolo, m'kati muli batire, golide wake amasuluka pakatha mwezi n'kukusiyira mkono wobiriwira. Yapakati ili ndi chitsulo cholemera bwino ndi injini ya sipuling'i yeniyeni, kungoti si ya Rolex. Yapamwamba amaitcha super clone, ndipo zambiri zimachokera m'chigawo cha Guangdong ku China. Kumeneko amakopera injini yomwe, monga 3135 imene Rolex inatulutsa mu 1988, mpaka zipangizo zina zimalowana ndi za orijino. Amakopera kagalasi kotukuka pamwamba pa deti, kamene pa Rolex kamakulitsa nambala kawiri ndi theka. Amakopera ngakhale kachisoti kachifumu kovuta kuona ndi maso, kojambulidwa pagalasi pafupi ndi 6 koloko. Mtengo wake ndi madola mazana angapo, pomwe Submariner yachitsulo yeniyeni ndi yoposa madola 9,000 m'sitolo, ndipo ngakhale ndalamazo uli nazo nthawi zambiri amakulemba kaye pamndandanda kuti udikire. Munthu wokonda makina sangaone ntchito imeneyi osagwedeza mutu. Luso lilipo ndithu, lenileni, kungoti analilemba ntchito yonama.

Yanga ndi yapakati, Submariner yakuda. Anandibweretsera mnzanga wa geni amene amakaoda katundu ku Guangzhou, ndipo sanandibisire kanthu. Sabata yomweyo ndinapita nayo kwa madala ena okonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Limbe, amene ndimawapititsira mawotchi anga onse. Anaika kagalasi kawo padiso, anatsegula kumbuyo, n'kuseka chapansipansi.

"Mwana wanga, iyitu ndi Seiko yovala suti yobwereka."

M'kati munali NH35, injini imene a Seiko amagulitsa kwa aliyense wofuna kumanga wotchi: 24 jewels, ka 21,600 pa ola, yopirira ngati bulu.

"Ndiye ndi yoipa, madala?"

"Injini ilibe mlandu. Iyi ukhoza kukalamba nayo. Koma taona apa, mafuta sanathire bwino, ndipo rabala yotchinga madziyi anangoiponyamo. Pankhope alemba mamita 300, koma iwe usayerekeze ngakhale kuchapa nayo. Ikalowa madzi ukadandaula kwa ndani? Amene anaimanga sanalembepo dzina lake."

Mawu omalizawo ndimawaganizirabe. Penapake ku China pali munthu amene anakhala pansi ndi kopanira, n'kuika mivi itatu pamalo pake osakanda nkhope ya wotchi, ntchito imene manja anga sangaithe. Munthuyo sadzadziwika. Akaigwira bwino, ulemu ukupita ku Geneva. Akaigwira moipa, palibe womufunsa. Vostok yanga, ngakhale ndi yosaoneka bwino, ili ndi dzina la fakitale imene ikhoza kuchita manyazi.

Mu 2009 mabungwe a opanga mawotchi ku Switzerland anayambitsa kampeni yonena kuti mawotchi abodza ndi a anthu abodza. Mawu amenewo ine amandinyansa. Mnyamata wolandira malipiro a uphunzitsi akavala Rolex ya feki sanalande a Rolex kasitomala, chifukwa ya orijino sakanaigula ngakhale atasunga zaka khumi. Ndipo msika wa mawotchi enieniwo nawo si tchalitchi. Mu 2017 Rolex Daytona ya katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulitsidwa madola 17.8 miliyoni ku New York, ndalama zolipirira mkono umene wotchiyo inakhalapo. Mu 2021 kampani ya Omega inagula pa okushoni Speedmaster yake yomwe ya mu 1957 pa mtengo woposa ma franc 3 miliyoni a ku Switzerland, ndipo mu 2023 inalengeza kuti wotchiyo inali yolumikiza zipangizo za mawotchi osiyanasiyana. Ngati eni dzina akhoza kupusitsidwa chonchi, ine misozi yolirira Geneva ndilibe. Lamulo lokha ndiye lilipo: kugulitsa katundu wodinda chizindikiro cha eni ndi mlandu, ndipo ku France ndi ku Italy ngakhale wogula amatha kulipitsidwa chindapusa. Inu amene mumayendayenda, zimenezo muzidziwe.

Zimene zinandigwera ine zinachokera kwina. Ndinaivala ku chinkhoswe cha msuweni wanga. Masiku ano mwana aliyense ali ndi foni, ndipo kamnyamata kena ka Fomu 3 kanayang'ana mkono wanga, kanalemba dzinalo pa Google, kanasintha madola kukhala makwacha, n'kuyamba kuonetsa anthu. Pofika nthawi ya perekani-perekani, wolengeza anali atanditchula kawiri kuti bwana. Madzulo azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwatukukatu, bambo. Tikuthokoza Mulungu. Ndiye ya fizi ya mlongo wanu uja tiyembekezere liti?"

"Azakhali, wotchiyi ndi ya feki. Ndi ya ku China."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana wotchiyo. "Anthu a ndalama mumatero nonse."

Msampha wa chinthuchi uli pamenepo. Ukanena kuti ndi ya feki, achibale amati ukubisa chuma. Ukakhala chete, wavomera chuma chimene ulibe, ndipo chuma kwathu kuno sichikhala cha munthu mmodzi. Chimabwera ndi fizi, feteleza, bokosi la maliro. Mnyamata wa ku London akhoza kuvala super clone kuofesi, bodza lake n'kuthera pa anzake omwa nawo mowa. Yanga inakanamiza mayi wamasiye amene pofika madzulo anali atawerengera kale. Wotchi inalonjeza m'malo mwanga, ine ndisanatsegule pakamwa. Fiziyo tinasonkherana ndi abale anga monga timachitira chaka chilichonse, koma azakhali mpaka lero amakhulupirira kuti ndinapereka zochepa.

Palinso wina amene anandipeza kuntchito n'kundinong'oneza kuti, "Aise, undigulitse imeneyo, ndili ndi munthu woti aitenga ngati ya orijino." Ndinakana. Wopwetekedwa pa geni yotereyo sali ku Switzerland. Ndi m'bale wa winawake amene akatenge ngongole ku banki m'khonde poganiza kuti wapeza mwayi. Feki iliyonse yabwino ikhoza kudzafika pamenepo ikangosintha manja kawiri katatu, ndipo ikakhala yabwino kwambiri m'pamene imaopsa kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti njira ina ilipo, ndipo nthawi zambiri siposa mtengo wa feki yabwino. Makampani monga Steinhart ya ku Germany, kapena San Martin ndi Pagani Design a ku China, amapanga mawotchi ofanana kwambiri ndi Submariner koma amalembapo dzina lawo. Ambiri a ku Chinawa ali ndi NH35 yomwe ija. Okonda mawotchi amawatcha homage. Ena amawanyoza kuti ndi okopera mayeso, ndipo mwina n'zoona, koma wokopera amene walemba dzina lake papepala ukhoza kumupeza zikavuta. China yomweyo ili ndi Sea-Gull ya ku Tianjin, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inagula makina opangira injini ya Venus 175 ku Switzerland, n'kupangira asilikali oyendetsa ndege wotchi imene lero imadziwika kuti 1963. Zambiri amazigulitsa ndi galasi kumbuyo, timawilo tonse poyera. Imeneyo ndiye ndikusungira ndalama.

Ya feki ija sindiitaya, poti injini yake ilibe mlandu monga ananenera madala. Mwezi watha anandiuza kuti nkhope za NH35 zimapezeka pa intaneti, za mamilimita 28.5, zina zosalembedwa dzina lililonse. Ndinaitanitsa yakuda. Lamba wachitsulo, amene loko yake ili ndi kachisoti kachifumu, timuchotsa, tiikapo wansalu. Chatsala ndi kabatani kopukusira, nakonso kali ndi chisoti. Madala akuti akapala ndi tupa, koma pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chake sakuchikhulupirira. Akuti phukusi likafika ndipite Loweruka m'mawa, fumbi la Limbe lisanadzuke, ndipo ndisaiwale kutenga Vostok ija, imene yayamba kuthamanga ndi mphindi yathunthu pa tsiku.